Moto wofika m'mawa: kusankha mbaula ya nkhuni yolowetsa pakhoma

Nyumba zambiri zakale za ku Britain, makamaka zija za njerwa zofiira zomangidwa mogundizana m'misewu ya ku Manchester, Leeds, Leicester ndi Nottingham, zili ndi phanga pakhoma la pabalaza. Eni ake oyamba ankasonkhamo malasha, utsi n'kumakwera m'chumuni kukatulukira padenga. Lero ena anakhomapo thabwa, ena anaikamo maluwa, ena amangomva mphepo ikulira m'menemo usiku wa mu Januwale. Amalawi amene akhazikika m'mizinda imeneyi mpaka kugula nyumba zawozawo nawonso amalipeza phangali likuwayang'ana. Ndiye chiyambire 2022, chaka chimene mitengo ya gasi ndi magetsi inakwera mosaneneka, maganizo amodzi akhala akuwabwerera ambiri: ife tinakula tikuwotha moto, nanga bwanji osangogula nkhuni n'kusonkha pomwepa?

Maganizowo si oipa, koma moto wa m'phanga lotseguka umasangalatsa maso kuposa mmene umafunditsira nyumba. Chumuni chikatentha chimakoka mpweya wambiri m'chipinda, womwe uja mwaufunditsa ndi ndalama zanu, n'kuutaya kunja. M'malo mwake mumalowa wina wozizira, wodzera pansi pa zitseko ndi m'mphepete mwa mawindo. N'chifukwa chake munthu amapsa maondo msana ukuzizidwa. Pa kutentha konse kumene kuli m'nkhuni, kotsala m'nyumba nthawi zambiri sikufika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Vutoli ndi lakalekale. Benjamin Franklin analimbana nalo ku Pennsylvania m'zaka za m'ma 1740 popanga mbaula yake yachitsulo, ndipo mu 1796 Count Rumford analemba za phanga losaya lokhala ndi chumuni chopapatiza pakhosi, nzeru imene inasintha kamangidwe ka nyumba zambiri za ku London.

Yankho la masiku ano ndi bokosi lachitsulo lokhala ndi chitseko chagalasi, limene amalilowetsa m'phanga lija n'kulilumikiza ku paipi yokwera m'chumuni mpaka padenga. M'masitolo a ku Britain mukalipeza pa dzina loti inset stove, ku America ndi ku Canada amati insert. Bokosili lili ndi zipupa ziwiri. Mpweya wozizira wa m'chipinda umalowa chapansi, umazungulira pakati pa zipupazo osakhudzana ndi utsi, kenako umatulukira pamwamba utatentha. Mpweya wopita kumoto weniweniwo ndi wochepa, ndipo mumauwongolera nokha ndi kachitsulo kokankha kapena kopotokola. Mbaula zabwino za mtundu uwu zimasiya m'nyumba 70 mpaka 80 peresenti ya kutentha kwa nkhuni. Sizidya malo pabalaza ngati zija zoima pazokha, ngakhale kuti pa chifukwa chomwechi thupi lake lalikulu limabisika m'khoma, ndipo zimenezi zili ndi zotsatira zake pa nkhani ya phokoso.

Wopita kokagula amakhala ndi zofuna ziwiri pamtima. Akufuna moto woti akausonkha madzulo usamudzutse pakati pa usiku, ndipo akufuna kufunda kopanda phokoso, koti mwana agone, wochokera ku ntchito yausiku apume, nkhani zimveke pabalaza. Zonsezi n'zotheka, koma osati m'njira imene ambiri amaganizira. Amaganiza kuti chofunika ndi kugula mbaula yaikulu kwambiri imene ingakwane m'phangamo, kuidzaza nkhuni, kutseka mpweya n'kukagona. Njira imeneyi ndi imene imadetsa galasi, imakwiyitsa oyandikana nawo, ndipo nthawi zina imayatsa chumuni.

Yesani chipinda musanaone mbaula

Mphamvu ya mbaula amaiyesa m'makilowati. Amisiri a ku Britain ali ndi masamu achidule: chulukitsani m'litali, m'lifupi ndi msinkhu wa chipinda m'mamita, yankholo muligawe ndi 14. Pabalaza pa mamita 5 m'litali, mamita 4 m'lifupi ndi mamita 2.5 kupita m'mwamba pamafuna makilowati osapitirira 4. Nyumba yotsekeka bwino, ya mawindo a magalasi awiri, imafuna ochepera pamenepo, pomwe yolowa mphepo m'ming'alu imafuna ochulukirapo pang'ono. Mukaika mbaula ya makilowati 10 m'chipinda chotere, pakatha ola limodzi aliyense ali thukuta kamukamu. Mudzathamangira kutseka mpweya, moto udzayamba kunyeka mofuka, ndipo mudzakhala mukuchita zimenezi tsiku lililonse mpaka chisanu chitatha. Mbaula yaing'ono yoyaka mwamphamvu imafunditsa bwino ndi mwaukhondo kuposa yaikulu yopanidwa pakhosi.

Palinso malire amene malamulo a zomangamanga ku England ndi ku Wales anaika pa makilowati 5. M'nyumba yakale, mbaula yosapitirira pamenepa nthawi zambiri siifuna kuboola khoma kuti mpweya wakunja uzilowa. Ikapitirira, pamafunika bowo losatsekeka, ndipo m'nyumba zatsopano zotsekeka kwambiri bowolo limafunika ngakhale mbaula ichepe chotani. Bowo lotere limalowetsa mphepo ndi phokoso la mumsewu. Mbaula zina zili ndi paipi yakeyake yokatenga mpweya kunja n'kuufikitsa kumoto osadutsa m'chipinda, ndipo wofuna bata ayenera kufunsa za zimenezi msanga. Kenako yesani phangalo: m'lifupi kutsogolo ndi kumbuyo, msinkhu, ndi kuya kwake, chifukwa mapanga ambiri akale amapapatiza chakumbuyo.

Kodi ufika m'mawa?

Kumudzi agogo ankadziwa kugoneka moto. Madzulo ankasankha chikuni chachikulu cha muwanga kapena tsanya, n'kuchikwirira mutu ndi phulusa, m'mawa kungopemerera pang'ono madzi osamba ali pamoto. Nzeru imeneyi ndi imene imatipangitsa kukhulupirira kuti moto wonyeka pang'onopang'ono ndiye wosamala nkhuni. Koma khitchini ya agogo inali yaudzu, yolowa mphepo mbali zonse, ndipo utsi unkadzipezera njira. Bokosi lachitsulo lolumikizidwa ku paipi yozizira ya mamita asanu kapena kuposa ndi nkhani ina.

Nkhuni zikatentha zimatulutsa utsi, ndipo utsiwo ndi chakudya cha moto chimene sichinapse. Gawo lalikulu la mphamvu ya chikuni lili mu utsi umenewu. Kuti uyake pawokha umafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 600 ndi mpweya wokwanira. Mukatseka mpweya, kutentha kumatsika, utsi umakwera wosapsa, ndipo ukafika m'paipi yozizira umamatirira n'kusanduka phula lakuda lotchedwa creosote. Phulali likaunjikana limadzayaka tsiku lina, moto wake wolira m'chumuni mpaka kung'amba njerwa. Choncho wogoneka moto mwa njira iyi amataya kutentha, amadetsa mpweya wa anthu onse a mumsewu mwake, ndipo amaika nyumba yake pangozi.

Masamu a usiku wonse ndi osavuta. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma bwino ili ndi mphamvu yokwana makilowati pafupifupi 4 kwa ola limodzi. Mbaula ya makilowati 5 ikamayaka moyenera imadya kilogalamu imodzi ndi theka pa ola. Ngakhale mutafuna makilowati atatu okha kwa maola 8, mufunika makilogalamu pafupifupi 8 a nkhuni nthawi imodzi, pamene kabokosi ka mbaula zambiri za ku Britain kamalowa zikuni ziwiri kapena zitatu. Mbaula zimenezi zinapangidwa kuti muziwonjezera nkhuni pakatha mphindi 45 kapena ola, ndipo ndi mmenenso amaziyesera asanazilole kugulitsidwa. Wamalonda amene angakulonjezeni kuti kambaula kotere kakufikitsani m'mawa malawi ali lawilawi sakukuuzani zoona. Mawu akuti moto umakhala maola akutiakuti nthawi zambiri amawerengera mpaka pamene patsala makala ochepa oti n'kuyatsira moto wina, osati maola amene chipinda chimakhala chofunda.

Opanga mbaula anapeza njira ziwiri zowotchera utsi. Yoyamba, imene ili m'mbaula zambiri za ku Ulaya, ndi yolowetsa mpweya wotenthetsedwa kale kudzera m'timabowo ta kumbuyo kapena pamwamba pa bokosi. Utsi ukakumana ndi mpweya umenewu umayaka, ndipo mumaona malawi akuvina pamwamba osakhudza nkhuni. Mbaula zotere n'zosavuta kugwiritsa ntchito ndi kusamala, koma zimafuna moto wamphamvu ndithu kuti utsi upse. Yachiwiri ndi yofala ku America ndi ku Canada, kumene anthu ambiri a m'madera ozizira amadalira nkhuni chisanu chonse. M'njira ya utsi amaikamo kachipangizo ka timabowo tambirimbiri kopakidwa platinum kapena palladium, kotchedwa catalyst, kamene kamachititsa utsi kuyaka pa madigiri pafupifupi 260 okha. Apa ndiye munthu angathe kuchepetsa mpweya kwambiri utsi n'kumapsabe. Bokosi likakhala lalikulu, moto wa usiku wonse umatheka moona, ndipo makampani ngati Blaze King amalengeza maola opitirira 20 pa mbaula zawo zina zikamayaka motsika. Lamulo la ku America limene linayamba mu Meyi 2020, loti mbaula yatsopano isatulutse fumbi la utsi lopitirira magalamu 2 mpaka 2.5 pa ola, linakankhira makampani ambiri ku njira imeneyi kapena yophatikiza zonse ziwiri.

Catalyst ili ndi zofuna zake. Poyatsa moto ndi powonjezera nkhuni mumatsegula kanjira kolambalala, n'kudikira kuti kutentha kukwane musanakatseke. Matabwa opaka penti, mapulasitiki ndi zinyalala zimaiwononga, ndipo pakapita zaka zingapo imatha mphamvu n'kufuna yatsopano. Moto wake wotsika suonetsa malawi okongola, galasi limada, mkati mumangooneka makala ofiira. Ku Britain mbaula zoterezi n'zosowa, ndiponso mapanga a nyumba zogundizana ndi ang'onoang'ono kwa mabokosi aakulu a ku America.

Nanga wokhala ku Leeds atani? Ine ndinganene kuti asiye kufuna moto wosazima, afune nyumba yosazizira msanga. Moto wamphamvu wa maola atatu kapena anayi madzulo umatenthetsa njerwa za chumuni ndi makoma, ndipo izi zimabweza kutenthako pang'onopang'ono malawi atazima kale. Anthu a ku Finland anaifikitsa patali nzeru imeneyi ndi ng'anjo zawo zazikulu za miyala, zimene amasonkha mwamphamvu kwa ola limodzi kapena awiri, mwala n'kumafunditsa nyumba mpaka tsiku lotsatira. Mbaula yolowetsa pakhoma singafike pamenepo, koma ya chitsulo chokhuthala choumba m'chikombole, monga zimene makampani akale ngati Jøtul ya ku Norway ndi Morsø ya ku Denmark amadziwika nazo, imachedwa kutentha ndipo imachedwanso kuzizira. Ya chitsulo chowotcherera imatentha msanga, n'kuziziranso msanga. Chumuni cha pakhoma lapakati pa nyumba chimasunga kutentha m'nyumba momwemo, pomwe cha pakhoma lakunja chimagawana ndi mphepo. Ndipo ndalama zimene mungaike potseka denga ndi ubweya wosunga kutentha ndi kumata ming'alu ya m'mawindo zimatalikitsa kufunda kwa usiku kuposa kilowati iliyonse yowonjezera.

Phokoso limachokera kuti

Popeza thupi la mbaula yolowetsa pakhoma lili m'phanga, kutentha kwake kumafuna chokutulutsira m'chipinda. Mbaula zambiri za ku America zimadalira fani yamagetsi yoikidwa pansi pa chitseko. Fani imathandizadi, imafikitsa mpweya wotentha kutali, koma ndiyo gwero lalikulu la madandaulo. Ikakhala yatsopano imangong'ung'udza. Ikadzaza fumbi ndi phulusa, kapena kachitsulo kena kakakhwepa, imayamba kunjenjemera ndi kulira mosautsa. Zina zili ndi kachipangizo koiyatsa ndi kuizimitsa yokha malinga ndi kutentha, ndiye pakati pa usiku mumangomva yayamba, kenako yasiya. Ngati mwasankha ya fani, onetsetsani kuti liwiro lake limasinthika pang'onopang'ono, osati ya malo awiri okha, ndipo muwapemphe a m'sitolo aiyatse muimve ndi makutu anu pa liwiro lotsika ndi lokwera. Funsaninso ngati imatuluka mosavuta poipukuta.

Mbaula zambiri za ku Britain zilibe fani. Zimadalira chilengedwe cha mpweya wotentha, umene umakwera wokha n'kukoka wozizira pansi. Zimenezi zilibe phokoso ngakhale pang'ono, ndipo magetsi akathima zimagwirabe ntchito chimodzimodzi. Kwa ine iyi ndiyo njira yoyenera pabalaza wamba. Mbaula yotulukira kunja kwa khoma pang'ono imaponya kutentha kochuluka kuposa yolingana ndi khoma ndendende, ngakhale yachiwiriyi imaoneka bwino pa zithunzi. Chofunika kwambiri n'chakuti mmisiri atseke pakhosi pa chumuni chakale mozungulira paipi ndi kuika zosunga kutentha kumbuyo ndi m'mbali mwa bokosi monga opanga analangizira. Akapanda kutero, kutentha kumathawira m'chumuni, mwininyumba n'kumaganiza kuti vuto ndi kusowa fani.

Phokoso lina ndi laling'ono. Chitsulo chikamatentha ndi kuzizira chimalira kuti the, the, makamaka chopyapyala, ndipo zimenezi si vuto. Chumuni chachitali kwambiri chimakoka mpweya mopyola muyeso, moto n'kumalira ngati mphepo ndi kumeza nkhuni msanga, koma mmisiri angathe kuyesa kakokedweko n'kukachepetsa. Nkhuni za paini ndi mitengo ina yautomoni zimathetheka, ngakhale kuseri kwa galasi sizimveka kwenikweni. Ena amakopeka ndi mbaula zoyaka ndi timibulu ta utuchi chifukwa zimadzithira zokha chakudya kwa maola ambiri. Zimenezo n'zoona, koma zili ndi injini yothira timibuluto ndi mafani osaleka kuzungulira, ndipo popanda magetsi siziyaka. Wofuna bata aganize kawiri.

Nkhuni ndizo theka la mbaula

Mtengo wongodulidwa kumene theka la kulemera kwake likhoza kukhala madzi. Mukauika pamoto, mphamvu yambiri imathera kuwiritsa madziwo, moto umazirala, utsi umachuluka. Palibe mbaula, kaya yodula chotani, imene ingakonze nkhuni zaziwisi. Kuyambira pa 1 Meyi 2021, ku England nkhuni zogulitsidwa pang'onopang'ono, zosafika makyubiki mita awiri, ziyenera kukhala ndi chinyezi chosapitirira 20 peresenti, ndipo zimakhala ndi chizindikiro cha Ready to Burn. Wogula zambiri nthawi imodzi angapatsidwe zaziwisi kuti akaumitse yekha, ndipo apa m'pofunika kachipangizo kotchipa koyesera chinyezi. Wazani chikuni pakati, mubaye kachipangizoko mkati mwatsopanomo, osati kunja kumene kwauma kale ndi mphepo.

Mitengo yolimba monga oak, ash ndi beech imanyeka nthawi yaitali ndipo imasiya makala abwino, chifukwa chikuni chake chimalemera kuposa cha paini cha msinkhu womwewo. Oak imafuna zaka ziwiri kapena kuposa kuti iume. Birch imayaka msanga, yabwino poyambira. Zikuni zikuluzikulu zimakhalitsa kuposa zowaza timizere, bola ziikidwe pa makala otentha ndi kupatsidwa mpweya wambiri mpaka zitagwira moto bwinobwino, kenako n'kuchepetsa pang'ono malawi osazima. Poyatsa, yesani njira yofala ku Scandinavia: zikuni zazikulu pansi, tinkhuni ting'onoting'ono pamwamba, moto n'kuuyatsira pamwamba pomwepo kuti uzitsika. Kwa ife amene tinazolowera kuyatsira pansi zimaoneka zozondoka, koma utsi umachepa kwambiri chifukwa umadutsa m'malawi usanakwere. Mapaleti opakidwa mankhwala, matabwa a mipando yakale ndi zotsala pomanga nyumba, ngakhale zikhale zaulere, zimatulutsa poizoni ndipo siziyenera kulowa m'mbaula.

Chumuni ndi malamulo

Chumuni cha nyumba ya zaka zoposa 100 ndi chachikulu, chozizira, ndipo nthawi zambiri chili ndi ming'alu yodutsira utsi kupita m'zipinda zam'mwamba kapena kwa oyandikana nawo. N'chifukwa chake amisiri amatsitsamo paipi yachitsulo chosachita dzimbiri kuchokera padenga mpaka pa mbaula, kawirikawiri ya mamilimita 150 kapena 125 m'mimba mwake. Paipi imeneyi imatentha msanga, imakoka bwino, ndipo imasesedwa mosavuta. Mtengo wake pamodzi ndi ntchito ya mmisiri ukhoza kufanana kapena kuposa wa mbaula yeniyeniyo, choncho muuwerengere kuyambira pachiyambi. Apa si poumira ndalama. Pansi patsogolo pa chitseko pamafunikanso mwala kapena simenti yosagwira moto, yotulukira masentimita osachepera 22.5.

Ku England ndi ku Wales ntchito imeneyi iyenera kudziwika ku khonsolo, pokhapokha ngati waigwira mmisiri wolembetsedwa ku bungwe lovomerezeka monga HETAS, amene amapereka yekha satifiketi. Pepala limeneli mulisunge, chifukwa a inshuwalansi ndi wodzagula nyumbayo adzalifuna. Alamu yochenjeza za mpweya wakupha wa carbon monoxide m'chipinda momwemo ndi lamulo. Wokhala m'nyumba ya lendi asayambe chilichonse popanda chilolezo cholembedwa cha eni nyumba, ngakhale kungotsegula phanga lotsekedwa.

Malamulo a utsi ali ndi mbiri yowawa. Mu Disembala 1952 utsi wa malasha unaphimba London kwa masiku asanu, ndipo anthu zikwizikwi anamwalira. Zotsatira zake zinali lamulo la Clean Air Act la 1956, limene linapatsa makhonsolo mphamvu yokhazikitsa madera oletsa utsi. Lero mbali zazikulu za London, Birmingham, Manchester ndi mizinda ina zili m'madera oterewa. Mmenemo nkhuni zimaloledwa m'mbaula zokhazo zimene zili pa mndandanda wa unduna wa DEFRA, ndipo ku England wotulutsa utsi wambiri pachumuni angalipitsidwe mapaundi 175 mpaka 300. Mbaula zovomerezekazi anazipanga dala kuti mpweya usatsekeke kotheratu, kutanthauza kuti kugoneka moto usiku wonse sikutheka ngakhale mutafuna. Kuwonjezera apo, kuyambira Januwale 2022 mbaula iliyonse yatsopano iyenera kukwaniritsa miyeso ya Ecodesign. Mbaula yakale yotchipa ya pa intaneti ikhoza kukhala yosafika pa miyeso imeneyi.

Pali chinthu china chimene sindingachibise, chifukwa chimakhudza mapapo a ana athu. Ngakhale mbaula yabwino kwambiri imatulutsa fumbi losaoneka ndi maso limene limalowa mpaka m'magazi. Lipoti la 2022 la mkulu wa zaumoyo ku England, Chris Whitty, linasonyeza kuti mbaula ya Ecodesign imatulutsa fumbili mochepa kwambiri poyerekeza ndi moto wa m'phanga lotseguka, komabe kuwirikiza pafupifupi ka 450 poyerekeza ndi boila ya gasi. Nthawi iliyonse mukatsegula chitseko kuwonjezera nkhuni, lina limalowa m'chipinda. Ngati m'nyumba muli khanda, mayi woyembekezera, wodwala mphumu kapena mtima, ndipo muli kale ndi njira ina yofunditsira nyumba pakati pa mzinda wothithikana, ine sindingakulimbikitseni kugula. Ndiponso kwa wogula nkhuni zoumitsidwa kale m'timatumba ta m'sitolo, moto wa nkhuni kawirikawiri sutchipa kuposa gasi. Mbaula imeneyi ili ndi phindu lenileni kwa amene akusonkha kale m'phanga lotseguka, kwa okhala kumidzi kumene kulibe mapaipi a gasi, ndi kwa amene ali ndi pogula nkhuni zambiri ndi poziumitsira.

Ku Johannesburg ndi kwathu

Ku South Africa mbaula zotsekeka zafala m'nyumba za ku Johannesburg ndi Cape Town, ndipo kuthimathima kwa magetsi kwa mu 2022 ndi 2023 kunaonetsa ubwino wa zopanda fani. Nkhuni zake ndi bulugama, black wattle, rooikrans ndi sekelbos. Koma abale athu ambiri kumeneko amakhala m'tizipinda ta lendi, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi chikaluma amalowetsa mbaula yamakala m'nyumba n'kutseka chitseko. Chaka ndi chaka anthu amagona osadzukanso chifukwa cha carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndi mtundu. Chimene chimapangitsa mbaula yolowetsa pakhoma kukhala yotetezeka ndi paipi yotulutsa utsi kunja. Moto uliwonse wopanda paipi yotere usagone m'chipinda chotseka.

Kwathu nako nyumba zina zakale za ku Zomba, Dedza, Mzuzu ndi m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje zili ndi mapanga owothera moto, ndipo amene anakhalapo m'nyengo ya chiperoni akudziwa kuti si zokongoletsa chabe. M'dziko limene nkhalango zikutha, bokosi lotsekeka lodya nkhuni zochepa kuposa theka la zimene phanga lotseguka limameza ndi chinthu choyenera kuchiganizira. Amisiri athu owotcherera zitsulo angathe kuphunzira kapangidwe kake, bola galasi likhale lopirira moto, osati la pawindo, ndipo paipi ifike pamwamba pa denga. Nkhuni zikhale za mitengo yodzala ngati bulugama youma bwino, muwanga ndi tsanya tizisiye m'tchire.

Mbaula ikalowa m'nyumba, ntchito yotsala ndi yochepa koma yosadumphika. Chumuni chisesedwe chaka chilichonse chisanu chisanayambe, ndipo wosonkha tsiku ndi tsiku achiseseretu kawiri. Chingwe chimene chimamata m'mphepete mwa chitseko chimatha. Mbaula itazizira, panitsani pepala pachitseko n'kulikoka: likatuluka mosavuta, mpweya ukuba njira, moto uzithamanga, ndipo chingwecho chifunika chatsopano. Njerwa zopepuka za mkati zikasweka mpaka chitsulo kuonekera, zisinthidwe. Galasi likamada tsiku lililonse, vuto lili pa nkhuni zonyowa kapena mpweya wochepa. Siyani phulusa pang'ono pansi pa bokosi, chifukwa nkhuni zimayaka bwino pa phulusa, koma lochotsedwalo muliike m'ndowa yachitsulo yovundikira n'kulitulutsa panja nthawi yomweyo, kutali ndi khoma ndi bini yapulasitiki. Makala obisika m'phulusa amakhala amoyo masiku angapo, ndipo ali m'nyumba amapitiriza kutulutsa carbon monoxide.